Mbala Yosathyola Citseko

Mau okambidwa kwa aphunzitsi pa za kusunga kompyuta ndi imelo ya panyumba



Nkhani ya tsiku la lero ndiyo ya mbala imene sithyola citseko. Mbala yozolowereka idza usiku, niboola khoma kapena kuthyola mpiringidzo, ndipo kukaca mwini nyumba aona mapazi pabwalo, nadziwa kuti waberedwa. Koma mbala ya pa intaneti iribe nchito ndi khasu kapena citsulo. Iyo igogoda mwaulemu, nichula mwini nyumba dzina lace lomwe, ndipo kawirikawiri mwini nyumbayo ndiye anyamuka pampando, natsegula citseko ndi dzanja lace.

Nkhaniyi iyenera aphunzitsi kopambana, pakuti masiku ano nyumba zambiri za aphunzitsi ziri ndi kompyuta, ndipo pamene palibe kompyuta pali foni yocita nchito zomwezo. M'menemo mphunzitsi asungamo makonzedwe a maphunziro a caka conse, mafunso a mayeso asanalembedwe, zotsatira za mayeso a ana, cithunzi ca khadi lace la NRC, pepala la malipiro ace, ndi zithunzi za banja lace. Zina mwa izi ndi zace, koma zina ndi za ana a eni, zimene anapatsidwa kuti azisunge. Wozitaya sataya cuma cace cokha ai, atayanso mbiri yace pamaso pa makolo.

Zoopsa zace ziri zitatu: makalata acabe, makalata onyenga, ndi matenda a kompyuta ochedwa vairasi. Zidzakambidwa cimodzi cimodzi, ndipo pambuyo pace padzakambidwa za mfungulo, za kusunga mbeu, ndi za coyenera kucita tsoka likagwa.

1. Makalata acabe

Makalata osafunika, otumizidwa kwa anthu ambiri nthawi imodzi, achedwa spam. Dzinali linacokera ku nyama ya m'citini ya kampani ya Hormel ya ku America, imene inayamba kugulitsidwa mu 1937, ndipo linafala cifukwa ca sewero loseketsa la gulu la Monty Python la ku Britain la mu 1970, m'mene liu limeneli linabwerezedwa kufikira mau ena onse sanamvekenso. Kalata yoyamba yodziwika ya mtundu umenewu inatumizidwa m'mwezi wa May 1978 ndi Gary Thuerk, wamalonda wa kampani ya Digital Equipment Corporation, kwa anthu ngati 400 a pa ARPANET, ndilo kholo la intaneti. Olandira ambiri anakwiya, koma mcitidwewo sunathe.

Cifukwa cace sicibvuta kumva. Wotumiza kalata pa positi agula sitampa pa kalata iri yonse, cotero ayamba waganiza asanalembere mlendo. Wotumiza imelo sataya kanthu kweni kweni, ngakhale alembere anthu miliyoni. Akakodwa munthu mmodzi yekha mwa zikwi zambiri, iye wapindula kale.

Tsono mphunzitsi asayankhe kalata yotere, kungakhale kukana kapena kukalipa, pakuti yankho liri lonse liuza wotumizayo kuti keyala ija iri ndi mwini wace amene awerenga, ndipo makalata adzacuruka koposa. Aiike m'gulu la spam pokanikiza batani lokhalira nchito imeneyi, limene lipezeka pa Gmail, pa Outlook ndi pa ena onse. Potero aphunzitsa makina kuzindikira makalata ofanana nayo. Nkwanzeru kukhala ndi keyala ziwiri: yina ya banki, ya nchito ndi ya abale, ndi yina yolembetsera zinthu zosafunika kweni kweni. Polembera makolo ambiri kalata imodzi, keyala zao ziikidwe pa mzere wobisika wochedwa Bcc, kuti zisaonekere kwa onse. Ndipo makalata aja olamula kuti atumizidwe kwa anthu khumi, ndi kulonjeza mwai kapena kuopseza tsoka, athere pa iye amene awalandira.

2. Makalata onyenga

Makalata acabe ataya nthawi, koma makalata onyenga ataya cuma. Azungu achula mcitidwe umenewu phishing, liu lofanana ndi lao la kuwedza nsomba, ndipo dzinali likhoza, pakuti mbedza yopanda nyambo sigwira kanthu. Nyambo za onyenga ziri zitatu: dyera, mantha, ndi kukhulupirira munthu wodziwika.

Nyambo ya dyera ndiyo yakale kopambana. M'zaka za m'ma 1800 anthu a ku Ulaya ndi ku America anali kulandira makalata onena za munthu wacuma womangidwa m'ndende ku Spain, amene adzagawa cuma cace kwa iye wotumiza ndarama zocepa zomuombolera. Bodza lomwelo linabvala zobvala zatsopano, nilidziwika ndi nambala 419, ndiyo nambala ya ndime ya malamulo a dziko la Nigeria yoletsa kutenga cuma mwacinyengo. Lero kalata inena za mphoto ya mpikisano umene munthu sanalowe, za cuma ca masiye ca mlendo amene sanamuone, kapena za malonda amene ndarama zibala kawiri pa sabata imodzi. Mathero ace ndi amodzi: ayambe watumiza kanthu pang'ono. Akatumiza, pabuka bvuto lina lofuna ndarama zina, ndipo atero kufikira thumba litauma.

Nyambo ya mantha igwira ndi ocenjera omwe. M'mwezi wa March 2016 John Podesta, mkulu woyendetsa kampeni ya Hillary Clinton ku America, analandira imelo yooneka ngati yocokera ku Google, yonena kuti munthu wina wadziwa mau ace acinsinsi, ndipo awasinthe msanga. Linki ya m'kalatayo inali kunka ku tsamba labodza. Mau acinsinsi anagwa m'manja mwa mbala, ndipo m'mwezi wa October caka comweco makalata ace zikwi zambiri anaululidwa kwa anthu onse. Munthuyu sanafune cuma ai. Anafuna kudzichinjiriza, ndipo cangu cace comweco ndico cinatsegula citseko.

Nyambo yacitatu ndiyo kubvala nkhope ya munthu wodziwika. Pakati pa 2013 ndi 2015 Evaldas Rimasauskas wa ku Lithuania analembetsa kampani ya dzina lofanana ndi la Quanta Computer ya ku Taiwan, imene inali kucita malonda ndi Google ndi Facebook, natumiza kwa makampani awiriwo makalata ofunsa malipiro. Iwo analipira madola oposa 100 miliyoni. Mu December 2019 bwalo la milandu la ku New York linamlamula kukhala m'ndende zaka 5. Ngati makampani okhala ndi akatswiri a makompyuta zikwi zambiri ananyengedwa ndi kalata, palibe mphunzitsi amene ayenera kudziyesa wosakodwa.

Munthu asayese kuti izi nzakutali. M'mwezi wa April 2024 akulu a Drug Enforcement Commission pamodzi ndi apolisi analowa m'nyumba yina ku Roma mu Lusaka, nagwira anthu 77, napeza makadi a SIM oposa 13,000. Ambiri mwa ogwidwawo anali anyamata ndi atsikana a m'Zambia muno, amene analembedwa nchito yoceza ndi anthu pa foni ndi pa intaneti motsata mau okonzedwa kale. Mu June caka comweco anthu 22 akunja, ambiri a ku China, anapatsidwa cilango ca ndende ca zaka 7 kufikira 11. Nkhaniyi iphunzitsa zinthu ziwiri: kuti cinyengo ici ndi nchito yokonzedwa bwino, yokhala ndi mabwana ndi anchito, ndiponso kuti ana ocoka m'manja mwa aphunzitsi akhoza kukodwa mbali zonse ziwiri, monga oberedwa kapena monga olembedwa nchito yobera anzao.

Fanizo ili lithandize kuona m'mene nyambo iponyedwera. Mphunzitsi wa sukulu ya kutali wakhala zaka zisanu ali kupempha kuti amsamutsire kufupi ndi banja lace. Tsiku lina madzulo alandira imelo yokhala ndi cizindikiro ca boma pamwamba pace, yonena kuti pempho lace labvomerezedwa, koma atumize K500 pa nambala yakutiyakuti ya foni, ndi cithunzi ca NRC, lisanafike ola la 8 m'mawa, pakuti akacedwa malo adzapatsidwa kwa wina. Ndipo asauze munthu, popeza malo ngocepa. M'kalata imodzi muli dyera, muli mantha, muli nkhope ya boma. Mtima wace ufuna kukhulupira, cifukwa zimene zalembedwa ndizo wakhala alikuzilira.

Kalata yotere idziwika ndi zizindikiro izi. Ifulumiza munthu, pakuti wonyenga aopa usiku umodzi wa kuganiza. Ilamula cinsinsi, pakuti aopa mnzace wa munthuyo amene mtima wace uli m'malo. Ifuna ndarama kapena mau acinsinsi. Ndipo keyala yace siigwirizana ndi dzina lace. Dzina looneka pamwamba pa kalata munthu ali yense akhoza kulemba monga afuna, koma keyala yeni yeni iri pansi pa dzinalo, ndipo iyenera kuwerengedwa lemba ndi lemba, monga mphunzitsi aconga kalembedwe ka mwana. Keyala za maofesi ambiri a boma la Zambia zithera ndi gov.zm, kalata yodzicha ya boma koma yocokera ku Gmail iyenera kukaikiridwa pomwepo. Momwemonso linki: munthu akaimika kalozera wa mausi pamwamba pace osakanikiza, kompyuta ionetsa pansi kumene linkiyo ipita. Kacizindikiro ka loko pa tsamba sikatsimikiza kuti mwini tsambalo ngwoona mtima. Masamba abodza ambiri ali nako.

Kale anthu anali kuzindikira wonyenga ndi Cingerezi cace cothyoka. Cizindikiro cimeneco sicidalirikanso, pakuti makina a masiku ano alemba kalata yosalala m'zinenero zambiri, nakhoza kutsanzira ngakhale mau a munthu wodziwika. Cotero lamulo lalikulu, loposa onse, ndi ili: uthenga wofuna ndarama kapena cinsinsi utsimikizidwe pa njira yina, yosiyana ndi imene unadzera. Ikanena kalata kuti yacokera ku banki, munthu apite ku banki, kapena aimbe nambala yolembedwa pa khadi lace, osati ya m'kalatamo. Ukanena uthenga kuti mbale ali m'cipatala ndipo afuna ndarama pa nambala yatsopano, aimbire mbaleyo pa nambala yace yakale. Mphunzitsi wa m'fanizo uja akadakwera njinga kunka ku ofesi ya maphunziro ya boma lace, akadataya tsiku limodzi, nasunga K500 ndi NRC yace. Akulu anati safunsa anadya phula.

3. Matenda a kompyuta

Vairasi ndi pulogramu yolembedwa ndi munthu, yolowa m'kompyuta mwini wace osafuna, ndi kudzicurukitsa monga anankafumbwe m'nkhokwe. Yina iononga mafailo, yina ilemba mobisa zonse zimene munthu alemba nizitumiza kwa mbala, yina imanga mafailo onse ndi kufuna dipo. Vairasi yoyamba kufala m'makompyuta a mtundu wa IBM inali Brain, yolembedwa mu 1986 ndi abale awiri, Basit ndi Amjad Farooq Alvi, ku Lahore m'dziko la Pakistan, ndipo inayenda pa madisiki obwerekana. Zitsanzo ziwiri za m'zaka zotsatira zionetsa makomo awiri amene matendawa alowera.

Khomo loyamba ndilo cidwi. Pa 4 May 2000 panabuka ku Manila, m'dziko la Philippines, imelo ya mutu wakuti ILOVEYOU, yolembedwa ndi wophunzira wina dzina lace Onel de Guzman. Inanyamula failo yooneka ngati kalata ya cikondi, ya dzina lothera ndi .TXT.vbs; koma Windows inali kubisa malemba otsirizawo, cotero anthu anayesa kuti ndi kalata wamba, pamene inali pulogramu. Wotsegula failoyo anaona zithunzi zace zitaonongeka, ndipo vairasi inadzitumiza yokha kwa anthu onse a m'buku lace la makeyala. Potero ali yense anailandira kucokera kwa munthu womdziwa, ndipo m'masiku owerengeka inafika m'makompyuta mamiliyoni ambiri. Phunziro lace ndi lakuti failo yosayembekezeka isatsegulidwe, ngakhale yacokera kwa bwenzi, kufikira bwenziyo atanena ndi pakamwa pace kuti anaitumizadi. Mafailo othera ndi .exe, .vbs, .js kapena .scr ndi mapulogramu, si makalata ai. Ndipo failo ya Word kapena Excel yopempha kuti munthu alole macros itsekedwe pomwepo.

Khomo laciwiri ndilo ulesi. Pa 12 May 2017 vairasi yochedwa WannaCry inagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko ngati 150, nimanga mafailo, nifuna dipo la madola 300 pa kompyuta iri yonse. Ku England zipatala zinabweza odwala, ndipo anthu ngati 19,000 amene anapangana tsiku loonana ndi dokotala analephera. Vairasi imeneyi sinadikire munthu kutsegula kalata. Inalowa yokha pa mng'alu wa m'Windows. Koma kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale cokonzera mng'aluwo pa 14 March, miyezi iwiri tsoka lisanagwe. Makompyuta amene analandira cokonzeraco anapulumuka. Ngakhale pano, tsono, citseko sicinathyoledwe: mmisiri anabweretsa loko watsopano, koma eni nyumba anazengereza kumkhomera. Mtundu womwewu wa vairasi yofuna dipo unagwira makompyuta ena a Bank of Zambia mu May 2022, ndipo bankiyo inakana kulipira.

Cifukwa cace kompyuta ikapempha update, ipatsidwe mpata. Nzoona kuti mabandulo ngodula ndipo magetsi sakhala nthawi zonse, koma mtengo wa update ngocepa poyerekeza ndi nchito ya caka cathunthu. Microsoft itulutsa zokonzera zace pa Laciwiri laciwiri la mwezi uli wonse. Kuyenera kudziwikanso kuti Windows yakale isiyidwa: Windows 7 inaleka kulandira zokonzera pa 14 January 2020, ndipo cithandizo ca nthawi zonse ca Windows 10 cinatha pa 14 October 2025. Makompyuta ambiri ogulidwa pa kaunjika kapena opatsidwa ngati mphatso ali ndi Windows yotere. Mwini wace aganize zoikweza, kapena kuikamo Linux, imene iri yaulere ndipo iyenda bwino pa makina akale. Ndipo kufikira atatero, asacitirepo za banki.

Windows ya tsopano iri ndi mlonda wace wochedwa Microsoft Defender, amene akwanira pa nyumba ngati asiyidwa woyaka. Uthenga wobuka mwadzidzidzi pa tsamba la intaneti, wofuula kuti kompyuta yadwala ndipo munthu aimbe nambala yakuti kapena atenge mankhwala akuti, ndiwo matenda eni ake. Mapulogramu obedwa, amene anthu apatsana kwaulere m'malo mogula, kawirikawiri anyamula vairasi m'mimba mwao. Wosakhoza kugula Word atenge LibreOffice, imene iri yaulere mwa lamulo. Ndipo fulashi imene yazungulira ku sukulu, ku malo osindikizira mapepala ndi kwa mnansi iyambe yapimidwa ndi mlonda uja isanatsegulidwe, pakuti iyenda monga anayendera madisiki a Brain.

4. Mfungulo

Mau acinsinsi, amene ambiri awachula pasiwedi, ndiwo mfungulo ya nyumba, ndipo ya imelo ndiyo ikulu koposa zonse. Munthu akaiwala pasiwedi ya Facebook kapena ya malo ena, yatsopano itumizidwa ku imelo yace. Cotero mbala yogwira imelo yagwira mfungulo ya cipinda cosungira mfungulo zonse.

Colakwa cofala ndico kugwiritsa nchito pasiwedi imodzi ponse ponse. Mu 2013 mbala zinaba mbiri za makasitomala a Yahoo, ndipo mu 2017 kampaniyo inabvomera kuti maakaunti onse 3 biliyoni anakhudzidwa. Mbala zikaba pasiwedi pa malo amodzi, ziiyesa ndi makina pa malo ena onse. Wokhala ndi mfungulo imodzi ya nyumba, ya nkhokwe ndi ya khola, akaitaya wataya zonse.

Pasiwedi yabwino ndi yaitali. Dzina la mwana, caka cobadwa, dzina la sukulu ndi nambala ya NRC sizithandiza, pakuti izi zipezeka mosabvuta. Mau anai kapena asanu a Cinyanja osagwirizana, olumikizidwa pamodzi ndi nambala, abvuta makina kuwalota koma sabvuta mwini wace kuwakumbuka. Malo ali onse ofunika akhale ndi yace yace. Zikacuruka, zisungidwe m'pulogramu yosungira mapasiwedi, kapena zilembedwe m'kabuku kokhala m'bokosi lokiya. Koma zisamatidwe pa kompyuta.

Pamwamba pa loko paikidwe mpiringidzo. Google, Microsoft ndi Facebook alola munthu kuonjezera citsimikizo caciwiri, kuti polowa pa cipangizo cacilendo pafunikenso nambala yotumizidwa ku foni yace. Mbala yodziwa pasiwedi iima pamenepo. Ndiye cifukwa cace onyenga aimba foni, nadzicha anchito a banki, a Airtel, a MTN kapena a Zamtel, napempha nambala imene yangofika kumene, kapena PIN. Wanchito woona safunsa zimenezi ai. Wofunsa PIN, pasiwedi kapena nambala yotsimikizira ndi mbala, angakhale alankhule mwaulemu wotani. Ndipo munthu akalowa m'imelo yace pa kompyuta ya sukulu kapena ya malonda, asaime pampando asanaturukemo.

5. Kusunga mbeu

Mlimi wanzeru sasunga mbeu m'nkhokwe imodzi ndi cakudya, podziwa kuti moto, ciswe ndi njala sizipangana tsiku. Momwemo mafailo ofunika akhale m'malo atatu: m'kompyuta, pa disiki kapena fulashi yapadera, ndi pa malo akutali ndi nyumba, monga Google Drive kapena OneDrive. Disiki yapaderayo icotsedwe pa kompyuta kukopera kukatha, pakuti vairasi yofuna dipo imanga zonse zimene izipeza zolumikizidwa. Mphunzitsi asankhe tsiku lace, kaya Loweruka liri lonse kaya pa kutha kwa mwezi, ndipo nthawi zina atsegule mafailo osungidwawo kuti aone ngati ali bwino. Wocita izi saopa dipo, ndipo apulumukanso ku mphezi, ku kufa kwa makina, ndi ku mbala ija yakale yoboola khoma. Kulipira dipo sikutsimikiza kuti mafailo adzabwera. Kungolimbitsa dzanja la wakubayo.

6. Tsoka likagwa

Ngakhale wosamala akhoza kuterereka tsiku limene watopa. Pamenepo cofunika ndi liwiro. Acotse kompyuta pa intaneti. Pa cipangizo cina cosadwala asinthe pasiwedi ya imelo poyamba, kenaka zina zonse. Auze banki kapena kampani ya foni nthawi yomweyo, pakuti ndarama zikhoza kuimitsidwa zisanaturutsidwe, koma zikaturuka, madzi akatayika saoleka. Acenjeze abale ndi anzace kuti asakhulupire uthenga wodza m'dzina lace. Asafafanize makalata ndi manambala a wonyengayo, popeza ndiwo umboni. Akanene ku polisi, ndiponso ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mauthenga m'Zambia, limene linaika nambala ya *707# yonenera manambala a onyenga. Dziko liri ndi malamulo pa milandu imeneyi: lina linakhazikitsidwa mu 2021, ndipo mu 2025 linalowedwa m'malo ndi awiri atsopano. Acenjerenso ndi munthu wobwera pambuyo pace ndi lonjezo lakuti adzabweza ndarama zobedwazo akalipidwa. Kawirikawiri ndi mbala yomweyo yabwerera kudzakunkha.

Cimene ciletsa ambiri kucita izi ndi manyazi. Mphunzitsi ndi munthu wolemekezeka pamudzi, amene anthu amfunsa nzeru, ndipo kubvomera kuti wapusitsidwa kumlemera koposa ndarama zimene wataya. Wonyenga adziwa zimenezi, nadalira kuti woberedwa adzakhala cete pamene iye ali kuchera mnzace wa sukulu yomweyo ndi nyambo yomweyo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mphunzitsi wonena m'cipinda ca aphunzitsi zimene zamgwera apulumutsa anzace khumi, ndipo anzacewo ayenera kumthokoza, osati kumseka.

7. Udindo wa mphunzitsi

Kompyuta ya panyumba siikhala ya munthu mmodzi. Ana aseweretsapo masewera, mlamu afunirapo nchito, agogo alandirirapo zithunzi za adzukulu. Loko sathandiza ngati mmodzi wa m'nyumba atsegulira mlendo ali yense. Cotero ana akhale ndi akaunti yao pa kompyuta, yopanda mphamvu yoikamo mapulogramu, ndipo kompyutayo ikhale pa malo oonekera. Koma koposa izi, mwana adziwe kuti akakanikiza cinthu colakwika nanena msanga, sadzakwapulidwa. Pakuti mwana woopa ndodo abisa, ndipo matenda obisika ndiwo akula. Okalamba, amene anakula m'masiku amene kalata yodindidwa inali yoona, auzidwe mofatsa kuti asatumize ndarama kapena kuchula PIN asanafunse wa m'banja.

M'kalasi namo muli mpata. Mphunzitsi amene aphunzitsa mwana kufunsa kuti analemba nkhaniyi ndani, analembera yani, ndipo afuna ciani, wamphunzitsa kale theka la nzeru yodzisungira pa intaneti. Akhoza kulemba pa bolodi uthenga wonyenga umene anaulandira, atafafaniza nambala, ndi kuuza ana kuti apeze nyambo yace, monga apezera mneni m'ciganizo. Ana otere adzacenjeza makolo ao amene sadziwa kuwerenga, ndipo akadzakula sadzafulumira kulandira nchito yolonjeza malipiro akulu pa kuceza ndi alendo pa foni.

Mau onsewa akhoza kumangidwa m'mtolo umodzi. Makina apatsidwe zokonzera zace, mfungulo zikhale zazitali ndi zosiyana, mbeu isungidwe padera. Ndipo pamene uthenga ufulumiza munthu, pomwepo ndipo ayenera kukhala pansi ndi kufunsa pa njira yina. Palibe mphoto yoona imene ithawa cifukwa munthu wagona usiku umodzi, ndipo palibe ofesi yoona imene ikwiya cifukwa munthu wabwera kudzatsimikiza. Kuona maso a nkhono nkudekha.